Chilolezo cha pa Foni ya Malemu

Amuna anga anamwalira Lachiwiri, ali okha pakhomo pathu ku Mbungo, pachilumba pano. Ndinawapeza ine pochokera kumsika ku Chipyela. Anali atagona cham'mbali pansi pa mtengo wa mango pamene ankasokera maukonde a anthu kuyambira pomwe anasiya kulowa m'nyanja. Foni yawo inali pamchenga pafupi ndi bondo, itayang'ana pansi. Ndinatula dengu, ndinawaitana katatu, kenako ndinawagwira pakhosi monga ndinkaonera anamwino akuchitira. Thupi linali lofunda, koma mthunzi unali utachoka pamenepo, ndipo dzuwa la mwezi umenewo limafunditsa ngakhale mwala.

M'mawa wa tsikulo anadandaula mutu, cha kumbuyo kuno pamwamba pa khosi. Anali ndi matenda othamanga magazi, ankalandira mapiritsi kuchipatala mwezi ndi mwezi. Ndinati ndikhale, ufa wa kondowole ndikaperekabe mawa kwa mayi amene amaphikira anthu a m'maofesi. Iwo anakana.

"Mutu umenewu sunayambe lero," anatero. "Pita. Ukagulenso shuga, munthu asamamwe madzi otentha ngati akuthukuta malungo."

Ndinawaikira tiyi pa kampando n'kunyamuka. Kumsika ndinachoka belu la masana la kutchalitchi chachikulu litangolira. Pobwerera ndinadzera ku Khuyu, chifukwa mdzukulu wa mnzanga anali atangotuluka m'chikuta, ndipo kwathu sudutsa pakhomo pamene pali khanda usanalowe kukalinyamula. Ndinakhala pamphasa, ndinamunyamula mwanayo, anandikodzera pachitenje, tinaseka. Sindinakhalitse. Kapena ndinakhalitsa. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti ndidzafunika kuwerenga.

Tinawaika m'manda Lachinayi. Akulu awo, amene ana anga amawatchula kuti abambo aakulu, amagwira ntchito ku Joni, ndipo maliro sakanatha kuwadikira. Katundu wa malemu anamuika m'bokosi lawo lachitsulo, alongo awo n'kulimanga ndi chingwe cha ukonde. Mwambo wathu ndi woti bokosilo silimasulidwa kufikira mwini mbumba, abambo aakuluwo, atafika, ndipo mkazi wamasiye sachoka pakhomo mpaka tsiku limenelo. Foni yokha ndiyo inatsala kunja, chifukwa abale akutali ankaimbira pamenepo kupepesa. Anaipereka kwa ine kuti ndiziyankha. Kuyankha basi.

Mawu amene anandidwalitsa ananenedwa tsiku la maliro lomwelo, m'nyumba momwe tinakhala amayi. Alamu anga, alongo a malemu aja, sankalankhula ndi ine. Ankalankhula ndi mayi wina wa pambali pawo, koma mokweza bwino kuti ndimve.

"Tiyi uja sanamukhudze n'komwe. Ndinaiona ndekha kapu, ili yodzaza, ntchentche zitaferamo. Ndiye kuti anagwa m'mamawa, mkazi atangotembenuka. Munthu wagona padzuwa maola asanu ndi limodzi, akuitana, popanda womupatsa madzi. Ena ali kumsika."

Mayi winayo anati, "Iyayi, musatero pamaliro." Koma mawu anali atatuluka.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kulira malemu, ndinayamba kulira maola aja. Ndikatenga kapu ya madzi ndinkaona pakamwa pawo pouma. Ndinkatuluka kukaima pansi pa mtengo wa mango kuyang'ana mmene mthunzi umayendera, kuti ndidziwe nthawi imene dzuwa linayamba kuwawotcha nkhope. Ndinafunsa anansi onse. Ena anali kumunda wa chinangwa, ena kugombe koyanika usipa, palibe anadutsa pakhomo pathu m'mawa umenewo. Dokotala wa kuchipatala atabwera kudzapepesa ndinamugwira malaya n'kumufunsa kuti anafa nthawi yanji, ndipo kodi anamva kupweteka nthawi yaitali. Anati sangadziwe. Anati ena amapita nthawi yomweyo, ena amakhalitsa. Ndinaona kuti akusankha mawu oti andisiye nawo bwino, ndipo sanandithandize.

Loweruka kunabwera aphunzitsi. Ndi mayi wa ku Ntcheu amene boma linamutumiza kudzaphunzitsa kusekondale ku Chipyela, ndipo amachita lendi nyumba yachitatu kuchokera pathu. Malemu ankakonda kuwaseka kuti akhala pachilumba zaka zinayi koma kondowole amamezabe atatsinzina. Anandipeza pakhonde, foni ili pamiyendo.

"Mwadya, amayi?"

"Aphunzitsi, kodi foni imadziwa nthawi imene munthu wafa?"

Sanandiseke. Anakhala pansi, anandifunsa chimene chikundivuta, ndipo ndinawauza zonse, za tiyi ndi za maola asanu ndi limodzi.

"Kufa siidziwa," anatero. "Koma imadziwa nthawi imene munthu anaigwira komaliza. Ngati anaigwira 11 koloko, ndiye kuti 11 koloko anali moyo."

Foniyo inalibe nambala yotsekera, chifukwa malemu ankaiwala manambala. Aphunzitsi anayang'ana pamene pamalembedwa amene waimba ndi amene waimbiridwa. Lachiwiri m'mawa panalibe kanthu. Anayang'ana mauthenga, panalibenso. Ndinati ndiye kuti alamu akunena zoona.

"Dikirani. Abambo ankachita chiyani pafoni akamasoka?"

"Ankamvera wailesi. Nthawi zina nyimbo za kwaya. Nthawi zina ankangoyang'ana zithunzi za adzukulu."

"Zimenezo sizilembedwa apa. Zimalembedwa kwina, mkati."

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ndiye ananditengera pang'onopang'ono. Anati mufoni muli zinthu zambiri zimene zimagwira ntchito, wailesi payokha, zithunzi pazokha, choimbira pachokha, ndipo chilichonse amachitcha pulogalamu. Iliyonse ili ndi mpanda wake. Wailesi siiloledwa kusuzumira kuti ione ngati zithunzi zatsegulidwa, zithunzi nazo siziona za wailesi. Koma foni yeniyeniyo, imene imasunga zonsezi, imalemba kuti yakuti inatsegulidwa nthawi yakuti, inatsekedwa nthawi yakuti. Mafoni ena odula amakuonetsa okha pang'ono, koma ya malemu inali yotchipa. Pankafunika kuikamo pulogalamu ina yodziwa kuwerenga mndandanda umenewo.

"Ikanimo," ndinatero.

Anaisamutsa kuchokera mufoni yawo, sizinatenge nthawi. Ataitsegula, m'malo moonetsa mndandanda, panabwera mawu a Chingerezi ndi kabatani kotuwa pambali.

"Ikupempha chilolezo," anatero aphunzitsi. "Siingaone za anzake popanda kuloledwa. Anaika chonchi dala, chifukwa pali anthu amene amaika zinthu m'mafoni a anzawo mobisa kuti aziwazonda. Amuna ansanje, akuba, onsewo. Ndiye foni imayamba yafunsa."

"Ikuti bwanji kwenikweni? Ndiwerengereni zonse."

"Ikuti mukalola, pulogalamu iyi iziona mapulogalamu ena amene mumagwiritsa ntchito, nthawi yake, ndi kutalika kwake. Mukavomera mudine apa."

"Ikufunsa ndani?"

"Mwini foni."

"Mwini wake wagona ku manda."

"Foni siidziwa zimenezo, amayi. Chala chilichonse imamvera."

Anandipatsa foniyo. Ndinayang'ana kabatani kaja, ndinayang'ana bokosi lomangidwa ndi chingwe limene linkaonekera pakhomo. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinakhala ndi bambo amenewo, sindinapisepo dzanja m'thumba la malaya awo asanandiuze. Tsono apa chinthu chikufunsa poyera kuti kodi mwini walola, ndipo ine ndiyankhe kuti inde, pamene ndikudziwa kuti sanalole ndipo sadzalolanso. Ndinaona ngati kunama pamaso pa mtembo. Ndinaganiza kuti chilolezo cha munthu wakufa chili ndi mwini mbumba, monga bokosi lija.

"Ndiyambe ndafunsa abambo aakulu."

Aphunzitsi anati, "Chabwino. Koma ndikuuzeni chinthu chimodzi. Mndandanda umenewu sukhala mpaka kalekale. Foni imasunga masiku ochepa, sabata imodzi, mwina kupitirirako pang'ono, kenako imafufuta zakale yokha. Lero ndi tsiku lachinayi."

Abambo aakuluwo ndinawaimbira madzulo omwewo dzuwa lisanalowe. Anali pokwerera mabasi, kumbuyo kwawo kunali phokoso.

"Alamu, ndikupempha chilolezo."

"Cha chiyani?"

"Cha pafoni ya ang'ono anu."

"Foniyo si ndi imene mwaimbirayi?"

"Ndi yomweyi. Koma pali pena pamene ikufunsa mwini wake, kuti tione zimene ankachita tsiku lija."

Mawu awo anasintha.

"Alamu, ine ndakhala m'tauni, ndikudziwa zimene akazi amafuna m'mafoni a amuna awo. Mng'ono wanga wagona. Musamuvule."

"Si za akazi ayi. Ndikufuna nthawi yokha."

"Nthawi ya chiyani? Nthawi idzamudzutsa? Chilichonse chikhale mmene anachisiyira mpaka ndifike. Ndikwera sitima ya Lachitatu. Zinthu zotere sitikambira pafoni."

Anadula. Ndinakhala ndi foni m'manja ndikumva kuti ndadzitsekera ndekha. Ndisanafunse, panalibe amene anandiletsa. Tsopano ndinali ndi mawu a mwini mbumba oti ayi.

M'mawa mwake aphunzitsi atamva anagwira m'mutu. "Amayi, munafunsiranji?"

"Si inati tifunse?"

"Inafunsa inu amene munaigwira."

"Inati mwini. Munawerenga nokha."

"Ndiye ndilakwe ine chifukwa chowerenga bwino?"

"Dinani inuyo, aphunzitsi. Inu simunakanizidwe."

"Ayi. Dzulo ndikanadina. Lero pali mawu a banja, ndipo ine ndine mlendo pano. Mawa adzati mphunzitsi wa kumtunda anafukula za malemu. Chala chikhale chanu."

Masiku amene anatsatira ndi amene sindifuna kuwakumbukira, koma ndi amene ndimawakumbukira kwambiri. Lamulungu anthu anapita kutchalitchi, ine ndinatsala ndi foni. Ndinkaitsegula, kabatani kaja kali pomwepo, kotuwa, kakudikira. Ndinkabweretsa chala pafupi mpaka kumva kufunda kwa galasi, n'kuchibwezanso. Ndinkaopa kuti batire ikatha zonse zifufutika, ngakhale aphunzitsi anandiuza kuti sizitero, ndiye ndinkatuma aliyense wopita kumene kuli magetsi kuti akanditchajire, n'kumakhala pakhonde osapuma bwino mpaka ibwere.

Aphunzitsi akamadutsa pobwera kusukulu ndinkawaimitsa.

"Taonani ngati Lachiwiri lija likadalimo."

"Sindingaone, amayi."

"Osatsegula ayi. Kungosuzumira ngati lilipo."

"Kusuzumirako ndiye kumene kukufuna chilolezo. Ngakhale pulogalamuyo siikudziwa ngati lilipo. Ili kunja kwa mpanda ngati ife."

Ndinayesa njira zanga. Ndinatsegula wailesi kuti mwina indiuza yokha pamene inalekera, koma inangoyamba kulankhula za mitengo ya feteleza. Ndinatsegula zithunzi, adzukulu anali momwemo akumwetulira, osanena kuti agogo awo anawayang'ana liti. Aphunzitsi atamva anandichenjeza kuti kutsegulatsegula sikuthandiza, chilichonse chimangodziwa zake zokha, ndipo zambiri sizisunga n'komwe.

Alamu anga aakazi ankabwera tsiku lililonse kudzaona ngati chingwe cha bokosi chili mmene anachimangira. Anali atamva za foni kwa akulu awo.

"Ndamva mukufuna kuombeza pafoni," anatero Lolemba. "Kapu ya tiyi sinakukwanireni?"

Masiku amenewo sindinkadya. Mwana wanga wamkazi, amene anabwera kuchokera ku Mzuzu kudzalira bambo ake, anati ndikapitiriza chonchi aika maliro awiri. Ndinamuuza kuti ngati bambo ake anagona padzuwa m'mawa wonse akundiitana, ndiye kuti ine ndinawapha ndi ufa wa kondowole, ndipo sindikudziwa mmene ndingakhalire pakhomo pano ndikuona mtengo uwo. Anati adine iyeyo. Ndinamulanda foni. Sindinafune kuti mawu a abambo aakulu amugwere iye, ali ndi banja lake loti asunge.

Lachitatu sitima inafika. Ndinamva kulira kwake ndili pakhonde, ndinasesa pabwalo, ndinakonzeka kugwada pamaso pawo n'kupemphanso. Anthu anabwera kuchokera kudoko ndi katundu pamutu, abambo aakulu panalibe. Anaimba masana kuti basi inachedwa pachipata cha dziko, sitima inawasiya ku Nkhata Bay, ndipo maboti ang'onoang'ono sakwera ndi mphepo imeneyi. Adikira ulendo wotsatira. Ndinati ndiyambitsenso nkhani ija, anati, "Ndanena kale, alamu."

Limenelo linali tsiku lachisanu ndi chitatu.

Lachinayi m'mawa, aphunzitsi atapita kale kuntchito, ndinamanga foni pansonga ya chitenje, ndinafunda nsalu yakuda, ndinatuluka. Mkazi wamasiye sayenda bokosi lisanamasulidwe. Amayi amene ankaviika chinangwa m'mbali mwa njira anasiya ntchito n'kumandiyang'ana. Mmodzi anafunsa kuti, "Kwagwanji?" Ndinangoti ndikubwera. Ndinadutsa ku Khuyu osayang'ana nyumba ya mnzanga uja. Njira imene ndaiyenda moyo wanga wonse inanditalikira, ndipo paliponse ndinkaganiza kuti mwina pompano foni ikufufuta Lachiwiri langa ili pachiuno panga.

Kusukulu ndinadikira pansi pa mlambe mpaka belu lopumira. Aphunzitsi atandiona anabwera msangamsanga, choko chili m'manja.

"Alola?"

"Sanalole."

"Ndiye?"

"Nditsegulireni pamene pali kabatani. Mlandu ndi wanga."

Tinakhala pamwala kuseri kwa ofesi. Anatsegula, anandipatsa. Ndinalankhula kaye ndi malemu, osati mokweza. Ndinati bambo, ndikulowa m'zanu musanandilole, mundikhululukire, sindikufuna kudziwa china koma nthawi. Ndinadina. Palibe chinachitika. Zala zanga ndi zong'aluka ndi madzi a chinangwa, galasi silizimva msanga. Ndinapukuta chala pachitenje, ndinachinyowetsa ndi malovu, ndinadinanso. Kabatani kanasuntha, kanasanduka kobiriwira.

Aphunzitsi anatenga foni n'kuyamba kukokera m'munsi. Ankatchula masiku mobwerera. Lachitatu, Lachiwiri la sabata ino, Lolemba. Lamulungu panali zambirimbiri, zonse zanga zija zotsegulatsegula. Loweruka. Lachisanu. Lachinayi la maliro. Lachitatu. Chala chawo chinaima.

"Lachiwiri lija lilipo. Ndi lomaliza, pansi pake palibenso china. Lolemba lake linapita kale."

"Werengani."

"Wailesi, kuyambira 7 koloko itangodutsa mpaka cha m'ma 9."

"Wailesi imatha kulira yokha munthu atagwa."

"Zoona. Koma 9 koloko itadutsa ndi mphindi makumi anayi, zithunzi zinatsegulidwa, mphindi zisanu ndi imodzi. Zimenezo sizitseguka zokha. Kenako nyimbo. Hafu pasiti 10, wailesi kachiwiri. Cha m'ma 11 anatseka, anatsegula zithunzi pang'ono, anabwerera ku wailesi." Anandigwira dzanja. "Amayi, 11 koloko anali moyo, akusinthasintha zomvera. Munthu amene wagwa sachita zimenezi."

Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira shuga. Tiyi uja ndinawaikira wopanda shuga, chifukwa anali atatha, ndipo ananena okha kuti safuna madzi otentha. Ankadikira dengu langa. Masiku asanu ndi anayi ndinali ndi yankho la kapu ija m'mutu mwanga, osaliona.

Ndinalira pamwala paja mpaka ana a sukulu anayamba kusuzumira pawindo. Aphunzitsi anawabweza ndi dzanja. Koma ndinaona kuti maso awo akadali pafoni.

"Pali chinanso?"

"Pali chimodzi."

"Nenani."

"12 koloko itadutsa ndi mphindi makumi awiri ndi zinayi, wailesi inatsekedwa. Choimbira chinatsegulidwa. Masekondi khumi ndi limodzi. Sanaimbe. Kuchokera pamenepo palibe kanthu mpaka cha m'ma 2 koloko, pamene munayamba kuuza abale."

Ndinawerenga ndi zala. Belu la masana linandipeza ndikutuluka mumsika. Ndikanayenda osaima, ndikanafika pakhomo cha m'ma hafu pasiti 12 kapena kupitirira pang'ono. Ndinafika 1 koloko itadutsa. Nthawi imene ankatsegula choimbira, ine ndinali ku Khuyu pamphasa, khanda lili m'manja.

"Ankafuna kuimbira ndani?"

"Sizionetsa."

"Ndadina chilolezo, aphunzitsi. Ndaphwanya mwambo. Ionetse."

"Chilolezo chimenechi chimangoonetsa khomo limene munthu analowa ndi nthawi imene anakhalamo. Zimene anachita mkatimo ayi. Ngakhale zithunzi zija, sitingadziwe kuti ankayang'ana chiti."

"Palibe chilolezo china choposa ichi?"

"Cha zimenezo palibe. Sanadine nambala, ndiye palibe pamene zinalembedwa."

Kafoni kanga ka mabatani ndinali nditakasiya m'nyumba tsiku limenelo, batire itatha. Akanaimba, kakanangokhala chete pawindo. Izi ndinawauza aphunzitsi.

Anandilembera nthawi zonse zija papepala la m'kope. Kenako ndinawapempha kuti andionetse potsekera. Ndinadina kabatani komweko, kanabwerera kukhala kotuwa, ndipo iwo anachotsa pulogalamu ija mufoni. Zimene ndinapempha ndinali nditaziona, sindinafune kuti chinthucho chizingoyang'anabe.

Abambo aakulu anafika Loweruka. Asanamasule bokosi, pamaso pa abale onse, ndinagwada n'kunena kuti ndinadina chilolezo chimene anandikaniza, ndinatulukanso pakhomo nthawi isanakwane, ndipo andiweruze mmene afunira. Ndinawapatsa foni ndi pepala lija. Anavala magalasi, anawerenga kawiri. Alamu aakazi anati, "Foni ingadziwe chiyani za imfa ya munthu?" Ndinawauza za shuga. Anayang'ana kumbali, ndipo kuyambira tsikulo sanatchulenso kapu ija, ngakhale kupepesa sanapepese.

Abambo aakulu anaika chala pamzere womaliza.

"Masekondi khumi ndi limodzi," anatero. "Ankafuna ndani?"

"Sizionetsa, alamu."

"Lamulungu, masiku awiri asanamwalire, anandiimbira, sindinayankhe. Ndinali pantchito. Ndinati ndimuimbira mkati mwa sabata." Anavula magalasi. "Mwina ankafuna ine."

"Mwina ine."

Sanandilipitse kanthu. Anati dzukani alamu, ndipo anamasula chingwe. Foni inapita kwa mwana wathu wamwamuna woyamba. Pepala anandibwezera, lili m'buku langa la mapemphero.

Tsopano ndimadya, ndimakhalanso pansi pa mtengo wa mango kusenda chinangwa. Ndikudziwa kuti m'mawa wonse uja anali pakampando pawo akusoka, akumvera wailesi, akuyang'ana adzukulu, akudikira shuga. Maola asanu ndi limodzi aja anandichoka. Chimene chinatsala ndi theka la ola la ku Khuyu, ndipo limenelo palibe amene angandichotsere, chifukwa ndinalifuna ndekha ndipo ndinaliona litalembedwa. Dokotala uja anati ngakhale ndikanafika, mwina sindikanachita kanthu. Mwina. Koma ndikanawagwira mutu.

Mwana wa ku Khuyu uja akuyenda tsopano. Kwa miyezi ingapo ndinkazungulira njira ya kumtunda kuti ndisadutse pakhomo pawo. Mnzanga anadziwa chifukwa chake, sanandifunse. Tsiku lina anabwera naye yekha pakhomo panga, anamukhazika pamiyendo panga n'kupita kukatunga madzi. Mwanayo anagwira mphuno yanga. Ndinamunyamula mpaka agogo ake atabwerako.